Nyanja ili pakhomo, nanga osambira athu adapita kuti?

Mu 1992 amuna awiri adalowa m'madzi pa Cape Ngombo, kugombe la kum'mawa kwa boma la Mangochi chakwa Makanjira, n'kulunjika ku Senga Bay m'boma la Salima. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 25, ndipo pakati ponsepo palibe poponda kapena pogwira. Mmodzi adali Lewis Pugh, mnyamata wa zaka 22 amene pambuyo pake adadzatchuka posambira m'madzi oundana a ku North Pole. Winayo adali Otto Thaning, dokotala wa maopaleshoni a mtima wa ku South Africa, bambo amene zaka 50 adali atazikwanitsa kale. Pugh adaponda mchenga wa tsidya linalo patatha maola 9 ndi mphindi 52. Thaning adafika patatha maola 10 ndi mphindi 5. Anthu osiyana zaka pafupifupi 30 adasiyana ndi mphindi 13 zokha.

Thaning sadalekere pomwepo. Mu Sepitembala 2014, ali ndi zaka 73, adawoloka English Channel, nyanja yozizira ya pakati pa England ndi France, ndipo adakhala munthu wamkulu kuposa onse amene adachitapo zimenezi kufika nthawi imeneyo.

Tsono tayesani kufotokozera nkhani imeneyi bambo wa zaka 40 amene wakhala pa doko la Makawa kapena Namiasi akudikira maboti a usipa. Adzaseka, n'kukuuzani kuti azungu ali ndi nthawi yotaya. Mukamufunsa ngati iyeyo amatha kusambira, nkhope isintha. Ayamba kukusimbirani mmene ankasiyira anzake onse pothamangira kukagwira boti lozikika patali, mmene ankamirira n'kukatola mchenga wa pansi kuti anzake atsimikize kuti wafikadi, ndi mmene amayi ake ankamudikirira ndi kamtengo pagombe dzuwa litalowa. Mukamufunsa kuti adasambira liti komaliza mtunda woti n'kutopa nawo, ayamba kuwerenga zaka ndi zala, ndipo zala zimuthera.

Anthu otere ndi ambiri kuyambira ku Chembe, Msaka ndi Malembo, kutsika ku Monkey Bay ndi Nkope, mpaka kuzungulira ku Malindi. Adapikisanapo, kungoti mipikisano yawo idalibe wotchi, woimbira kapena wolemba maina. Kenaka moyo udawatulutsa m'madzi. Wina adapita kusekondale yogonera kumtunda, wina adakwatira, wina adayamba geni ya nsomba kapena kabaza. Ambiri, monga aliyense wa ku Mangochi akudziwira, adakwera basi ya ku Joni n'kukatha zaka khumi kapena kuposa akugwira ntchito m'mashopu ndi m'nyumba za anthu. Ena a iwo amatsuka tsiku ndi tsiku maiwe osambiramo a mabwana awo osalowamo n'kamodzi komwe. Ngakhale amene adatsala kunyanja kuno sasambiranso. Msodzi amakhala pamwamba pa madzi, osati m'madzi, ndipo akapezeka akusambira ndiye kuti zinthu zavuta. Amene ntchito yawo imawamiza ndithu ndi anyamata a makoka a nkacha ku nyanja ya Malombe, omwe amatsika pansi kukamanga kunsi kwa khoka nsomba zisadathawe. Mapapo a anyamata amenewa akadaonedwa ndi kochi wodziwa ntchito yake, kochiyo sakadagona tulo.

Masewero osambira monga dziko limawadziwira adakulira kutali ndi nyanja. Bungwe loyendetsa masewerowa, Malawi Aquatic Union, lakhala likudalira maiwe a m'mizinda, makamaka a sukulu zolipira zodula monga St Andrew's ku Blantyre ndi Bishop Mackenzie ku Lilongwe. Kumeneko ndi kumene kumachitikira mipikisano yambiri, ndipo opikisana ake pafupifupi onse ndi ana asukulu. Dziko lino latumizako osambira ku Olympics: Charlton Nyirenda ndi Zarra Pinto ku Beijing mu 2008, Nyirenda yemweyo ndi Joyce Tafatatha ku London mu 2012, Brave Lifa ndi Ammara Pinto ku Rio mu 2016, Filipe Gomes ndi Jessica Makwenda ku Tokyo, kenaka Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024. Ndi anthu oyenera kuwaombera m'manja chifukwa adakonzekera m'dziko la maiwe owerengeka. Boma lidamanganso dziwe lamakono ku Lilongwe pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Koma zonsezi n'za ana ndi achinyamata. Wosambira wa ku Malawi akangomaliza sukulu, nthawi zambiri amakhala wamalizanso kusambira, kaya adaphunzirira m'dziwe la matailosi ku Blantyre kaya pamchenga wa ku Chembe.

Kunja sizili choncho. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, lomwe linkatchedwa FINA ndipo lidasintha dzina kukhala World Aquatics kumapeto kwa 2022, lili ndi gawo la akuluakulu lotchedwa Masters. Munthu amalowamo akakwanitsa zaka 25, ndipo opikisana amagawidwa m'magulu a zaka zisanuzisanu: 25 mpaka 29, 30 mpaka 34, kumangokwera choncho mpaka kwa agogo a zaka 90. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa gawoli udachitikira ku Tokyo mu 1986. Nzeru yake ndi yapafupi: bambo wa zaka 47 sapikisana ndi mwana wake, amapikisana ndi amsinkhu wake, ndipo pakatha zaka zisanu zilizonse amakhalanso wamng'ono m'gulu latsopano. Ndi masewero ochepa amene munthu amakondwera kuti wakula.

Ngakhale pamwamba penipeni pali amene adachoka n'kubwerera. Dara Torres wa ku America adasiya kusambira pambuyo pa Olympics ya 1992, n'kubwerera ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 33 kukatenga mamendulo asanu. Adasiyanso, adabereka mwana, ndipo mu 2008 ku Beijing, ali ndi zaka 41, adatenga mamendulo atatu asiliva. Mnzake Anthony Ervin adapambana golide pa mamita 50 mu 2000, adasiya ali ndi zaka 22, adagulitsa mendulo yake kuti athandize okhudzidwa ndi tsunami ya mu 2004, kenaka adabwerera mu 2011. Ku Rio mu 2016 adapambananso golide pa mtunda womwewo ali ndi zaka 35. Awa ndi anthu a mphatso zapadera, okhala ndi makochi ndi madokotala awoawo, ndipo sindikunena kuti wogulitsa utaka pa Mpondasi achita zomwezo. Koma akusonyeza chimene ofufuza za thupi adachiona pa zotsatira za mipikisano ya Masters: liwiro la wosambira limatsika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo limadzagwa mwamsanga munthu akamayandikira zaka 70. Madzi amanyamula thupi, choncho mawondo ndi msana sizimenyeka monga zimachitira pothamanga kapena pa mpira.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo wobwerera m'madzi amaona zoona zake tsiku loyamba lomwe. Manja amakumbukira okha popalasa, miyendo imadziwa yokha chochita. Vuto lagona pomwepo. Mutu umakumbukira liwiro la zaka 15, pamene mtima ndi mapapo ndi za munthu amene wakhala zaka 20 pa mpando wa minibasi kapena kuseri kwa kauntala. Mamita 50 oyamba amakoma. Akafika pa 100 befu lamugwira, manja alemera, miyendo yayamba kumira. Ambiri amathera pomwepa, n'kutuluka akunena kuti ukalamba wafika, pamene chimene chachitika n'chakuti ayamba ndi liwiro la mpikisano thupi lisadakonzeke. Mpweya umabwerera pakatha masabata angapo munthu akamalowa m'madzi katatu pa sabata, mphindi 20 kapena 30 basi, mosathamanga. Chimene chimachedwa ndi mapewa. Minofu imalimba msanga kuposa mitsempha yogwira mfundo za phewa, ndiye munthu amadzimva wamphamvu, amawonjezera mtunda mofulumira, kenaka amadzuka m'mawa wina akulephera kukweza mkono kuti avale malaya. Apa kudekha kumaposa mphamvu. Ndipo amene wadutsa zaka 40, kapena wonenepa, kapena wosuta fodya, ayambe wapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Mtima ukavuta pa bwalo la mpira munthu amagwa pansi anzake n'kumunyamula. Ukavuta pa madzi akuya amamira.

Pali chinanso chimene wobwerera wa kunyanja ayenera kuvomera, ngakhale chimapweteka: kasambiridwe kathu ka pagombe si ka mpikisano. Tidakula tikusambira mutu uli pamwamba, maso ali kwa anzathu, manja akumenya madzi mwaphokoso. Kasambiridwe kameneka n'kabwino pothamangira bwato lomwe lili pa mamita 30, koma mutu ukadzuka chiuno chimamira, ndipo thupi limakoka madzi ambiri. Wa mpikisano amagoneka nkhope m'madzi, amatulutsa mpweya pansi pa madzi, n'kungotembenuza mutu pang'ono kuti apume. Amatambasula thupi lonse kuti likhale lathyathyathya, ndipo amawerenga kuti wapalasa kangati pa mtunda wakutiwakuti, cholinga chake chili chochepetsa chiwerengerocho. Pa nyanja amaphunziranso kudzutsa maso kamodzikamodzi kuti aone phiri kapena mtengo umene akulunjika, apo ayi amakhota osadziwa n'kusambira mtunda wowonjezera. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, choncho sayandamitsa thupi monga a ku Durban kapena ku Beira. Zolakwa zonse za kagonedwe ka thupi zimaonekera poyera. Munthu wamkulu kuti avomere kuphunzitsidwanso chinthu chimene amati adabadwa nacho, pamafunika mtima wodzichepetsa, makamaka wophunzitsayo akakhala mwana wa mlongo wake amene adazionera pa YouTube.

Zida sizivuta monga anthu amaganizira. Magalasi a m'madzi ndi amene sangalowedwe m'malo. Zina zonse zilipo kale pamudzi. Chigubu chopanda kanthu cha mafuta ophikira, chotsekedwa bwino n'kumangiriridwa m'chiuno ndi chingwe chachifupi, chimayandama kumbuyo. Amaboti amachiona patali, ndipo minofu ikakokana munthu amachikumbatira n'kupuma. Zigubu ziwiri zozikidwa ndi miyala motalikirana mamita 50 ndi dziwe lokwanira, ndipo wotchi ili pa foni iliyonse. Lamulo limene wobwerera sayenera kuliphwanya ndi losambira motsata gombe, osati molunjika pakati pa nyanja, komanso osasambira yekha. Akafuna kupita kutali, pakhale mnzake pa bwato pambali pake.

Nyanja yokhayo imasankha masiku ake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo asodzi enieni amaupatsa ulemu. Pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria pa boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946 chakumpoto kwa nyanjayi. Mphepo imene idagubuduza sitima yachitsulo siingachitire chisoni munthu wa chigubu m'chiuno. Nthawi yabwino ndi m'mamawa mphepo isadadzuke, makamaka Sepitembala ndi Okutobala mwera utatha, mvula isadayambe. Malo nawo ndi osankha. Pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, pamabango, mu Shire ndi ku Malombe ndi kwa ng'ona ndi mvuu, ndipo eni mudzi amadziwa doko loyenera ndi losayenera; kufunsa si kupusa. Palinso maukonde otcheredwa osaoneka pamwamba, ndi maboti a injini obwerera ku usipa m'bandakucha, oyendetsa ake ali ndi tulo m'maso.

Ndiye pali likodzo, limene anthu a kunyanja adalizolowera mpaka ena kuliyesa chizindikiro cha kukula kwa mnyamata. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu. Kale anthu ankati nkhonozi zimangokhala m'mabango ndi m'madzi odikha, koma ofufuza motsogozedwa ndi Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University adapeza kuti ku Cape Maclear mtundu wina wa nkhono umakhala pamchenga poyera, ndipo udachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa chifukwa cha makoka okokera pagombe. Dokotala wa kuno kwathu, Sekeleghe Kayuni, adafufuzanso pakati pa asodzi a ku Mangochi n'kuonetsa kuti matendawa amafika mpaka ku ziwalo zoberekera za amuna. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amagwira ntchito, koma kugawa kwake kawirikawiri kumalunjika ana asukulu, akuluakulu n'kumadziona ngati sizikuwakhudza. Wosambira pafupipafupi aziyezetsa, ndipo adziwe kuti mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima. Kumwa tsiku lomwelo watuluka m'madzi n'kutaya mapilitsi, pamafunika padutse masabata angapo. Likodzo si chifukwa chothawira nyanja. Mayi wochapa ziwiya m'madzi ofika m'mawondo tsiku lililonse ali pa chiopsezo chachikulu kuposa wosambira pa madzi akuya.

Tibwerere ku Cape Ngombo. Njira ya Pugh ndi Thaning idadzatsatidwa ndi ena. Abigail Brown wa ku Britain adawoloka mu 2010 pa maola 9 ndi mphindi 45. Mu 2013 Milko van Gool wa ku Netherlands adatsitsa nthawiyo kufika pa maola 8 ndi mphindi 46. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Jean Craven wa ku South Africa lidawoloka maola 8 asadakwane. Kenaka mu 2019 Martin Hobbs, wa ku South Africa yemweko, adachita chimene padalibe adachichitapo: adasambira utali wonse wa nyanjayi, makilomita pafupifupi 580, m'masiku 54, akutolera ndalama za bungwe la Smile Foundation lothandiza ana obadwa ndi milomo yong'ambika. Hobbs sadali katswiri wosambira kuyambira ubwana. Adali wothamanga mitunda italiitali ndi wokwera njinga zamoto za m'tchire, ndipo adatembenukira kumadzi ali wamkulu kale atavulala msana. Werenganinso maina onsewa. Ndi a alendo okhaokha, ambiri a iwo anthu akuluakulu okhala ndi ntchito zawo, amene adadzalemba mbiri pa nyanja imene ife timachapiramo zovala. Amene adawanyamulira katundu ndi kuwalozera nyengo ndi anthu a m'magombe athu omwewa.

Sindikuona chifukwa chowachitira nsanje. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife tilibe poyambira. Munthu sadzuka n'kusambira makilomita 25. Amayamba ndi mpikisano wa mamita 500, chaka chinacho kilomita imodzi, kenaka zisanu. Ku South Africa kuli mpikisano wa Midmar Mile, umene umachitika Febuluwale aliyense pa damu la Midmar ku KwaZulu-Natal, mtunda wa makilomita 1.6. Udayamba mu 1974 chifukwa cha vuto limene Amalawi tikulidziwa bwino: kusowa kwa mafuta a galimoto. Mike Arbuthnot ndi anzake adalephera kupita ku mpikisano wa ku East London, ndiye adangoganiza zochititsa wawo pa damu lapafupi. Chaka choyamba padabwera anthu 153. Mu 2009 anthu oposa 13,000 adamaliza mpikisanowu, ndipo udalowa m'buku la Guinness monga waukulu kuposa yonse ya pa madzi a panja. Ambiri mwa anthu amenewo si akatswiri. Ndi aphunzitsi, manesi, agogo ndi adzukulu awo, ndi anthu amene adasambira komaliza ali kusukulu. Limenelo ndi damu lokumbidwa ndi anthu. Ife tili ndi Cape Maclear, malo amene UNESCO idawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984, madzi ofunda chaka chonse, oyera moti umaona mbuna pansi pako, ndi chilumba cha Thumbi chili potero moyang'anana ndi mudzi wa Chembe. Kusambira makilomita 10 pa madzi a panja kudalowanso m'masewero a Olympics kuyambira 2008, ndipo sikufuna dziwe la mabiliyoni.

Chotchinga chachikulu mwina si ndalama koma maso a anthu. Bambo wa ndevu zake akayamba kupita ndi kubwerera pakati pa zigubu ziwiri m'mawa uliwonse, anzake pa bawo adzamufunsa kuti, achimwene, mwataya chiyani m'madzimo? Kwa amayi n'kovuta koposa. Mtsikana amene ankaposa anyamata onse pa doko amaleka akangotha msinkhu, ndipo akakwatiwa nkhaniyo yatheratu. M'dera limene anthu ambiri ndi Asilamu, komanso kumene Akhristu omwe amasamala za kavalidwe, kabudula wa mpikisano wa m'dziwe sangalandiridwe pagombe la pamudzi, ndipo palibe chifukwa chokakamizira. Malamulo a mipikisano ya pa madzi a panja amalola chovala chofika mpaka mu akakolo, ndipo mpikisano wa pamudzi ungathe kudziikira malamulo akeake a zovala, ngakhalenso nthawi ya amayi okhaokha. Amayi ndi amene amakhala ndi ana pagombe tsiku lonse. Bungwe la WHO lidati anthu pafupifupi 300,000 adamwalira pomira padziko lonse mu 2021, ambiri a iwo ana ndi achinyamata, ndipo United Nations idapatula 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa ngozi zimenezi. Mayi wodziwa kusambira bwino ali pagombe ndi wopulumutsa amene boma silingathe kumulemba ntchito pa doko lililonse.

Zofunika kuti mpikisano woyamba uchitike zilipo kale m'boma lino. Makomiti a m'madoko, amene adayambira ku Malombe mu 1993 poyang'anira usodzi, amadziwa madzi awo ndipo angathe kuuza eni maukonde kuti awazule m'mawa umodzi. Asilikali a pamadzi ali ku Monkey Bay ndi maboti awo. Sukulu ya zausodzi ili ku Mpwepwe. Mahotela a ku Nkopola, Makokola ndi Cape Maclear amafunafuna chokopa alendo chaka chilichonse, ndipo adazolowera kale kulandira mipikisano ya maboti a matanga ndi zisangalalo za oimba. Malawi Aquatic Union ili ndi oimbira ndi mawotchi. Chatsala n'kuti khonsolo ya Mangochi iwaitanire pamodzi anthu amenewa, asankhe Loweruka limodzi la mu Okutobala, ayeze mamita 500 ndi kilomita imodzi motsata gombe, agawe opikisana potengera zaka, amuna paokha amayi paokha, ndipo maina ndi nthawi za onse omaliza zilembedwe n'kusungidwa. Inu amene mudasiya kusambira zaka 20 zapitazo, musadikire kalata ya khonsolo. Kayezetseni magazi, pezani chigubu ndi mnzanu mmodzi, ndipo muyambe ndi mamita 100 motsata gombe mwera ukangoleka.